M'mawa umene thirakitala inakana kulira ku Free State

Ndinakulira ku Dedza, chakufupi ndi Bembeke, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi anthu amawotha moto mpaka dzuwa litakwera, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti palibe chimene munthu angandiuze pa nkhani ya kuzizira. Maganizo amenewo anasintha m'chaka changa choyamba pa famu ya ng'ombe ndi nkhosa kum'mawa kwa chigawo cha Free State ku South Africa, m'dera la tauni ya Bethlehem. Kumeneko usiku wa m'nyengo yachisanu umazizira kupitirira pamene madzi amaundana, moti m'mawa udzu wonse umakhala woyera mbee, ndipo madzi a m'zomwera za ziweto amakhala atauma pamwamba ngati galasi. Ntchito yanga yoyamba tsiku lililonse inali kuliza thirakitala, kumangirira ngolo ndi kukaperekera ng'ombe mabelo a udzu, chifukwa pa nyengoyi msipu umakhala utapserera ndi chisanu ndipo ziweto zimangoyang'ana kwa munthu.

Thirakitala yake inali Massey Ferguson 135 yakalekale, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1964 ndipo ngakhale kwathu umapezekabe m'maesiteti ena. M'miyezi yotentha inkalira pongokhudza kiyi. Koma m'mawa wina wa Juni ndinapotoza kiyi, injini n'kuzungulira molemera ngati ikukoka katundu, osalira. Ndinapotozanso, n'kupotozanso, kiyi osamusiya, mpaka sitata inangotsala n'kugogoda pang'ono, batire litatheratu. Ng'ombe zinadya mochedwa kwambiri tsiku limenelo, ndipo zinandipweteka mtima kuzimva zikulira kubusa chifukwa cha kusadziwa kwanga.

Amene anandithandiza anali dalaivala wachikulire wachisotho, amene tonse tinkawatchula kuti Ntate, monga mmene anthu a kumeneko amalemekezera bambo wamkulu. Sanandikalipire. Anangondigwira dzanja n'kuliika pa chitsulo cha injini, chimene chinali chozizira mpaka kuluma zala, kenako anati: "Mwana wanga, dizilo samvera kiyi, amamvera kutentha. Uyambe wamupatsa kutentha, kenako umupemphe ntchito." Zimene ndalemba pansipa zinayambira pa mawu amenewo, ngakhale kuti zina ndinazimvetsa patapita nthawi, nditawerenga buku la thirakitalayo ndiponso nditaona amakaniko akumasula injini.

Injini ya petulo ili ndi mapulagi amene amatulutsa moto woyatsa mafuta, pamene ya dizilo ilibe. Mmalo mwake pisitoni imapanikiza mpweya m'silinda mpaka ukhale m'kamalo kochepa ka 16 kapena kuposerapo poyerekeza ndi poyamba, ndipo mpweya wopanikizika chotero umatentha kupitirira madigiri 500 injini ikakhala kuti ili bwino. Dizilo akapoperedwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Tsono chisanu chimasokoneza dongosolo limeneli mbali zitatu nthawi imodzi. Mpweya umalowa uli wozizira kale, ndipo zitsulo za silinda zimamwa kutentha kumene pisitoni yapanga dizilo asanayake. Oyilo amalimba ngati uchi wa m'botolo, n'kumagwira ziwalo za injini kuti zisazungulire mofulumira. Ndiyeno batire, limene pa nthawiyo likufunika kugwira ntchito yolemera kuposa masiku onse, ndi pamene limakhala lofooka. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, mpweya umapeza mpata wothawira m'mbali mwa pisitoni, makamaka ngati injiniyo ndi yakale, ndipo kutentha kofunikako sikufika.

Pa zitatuzi, batire ndi limene ndinaona kuti limalakwiridwa kwambiri. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 pa kachipangizo koyezera, ndipo likatsika kufika pa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka chabe la moto wake. Batire lotere likhoza kuliza thirakitala mu Disembala popanda vuto, mwini wake n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, koma mu Julayi limamusiya pa msewu. Pogula batire ndi bwino kuyang'ana nambala imene imalembedwa pambali pa zilembo za CCA, chifukwa imanena mphamvu imene batirelo lingatulutse kwa masekondi 30 pa kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo thirakitala imafuna nambala yokwera kuposa ya galimoto yaing'ono. Koma ngakhale batire latsopano silithandiza ngati mitu yake yachita zoyera zija zangati ufa, kapena ngati waya wopita ku chitsulo cha thirakitala wakhwefuka. Ntate ankatsuka mitu ya batire ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, n'kuimanga zolimba ndi sipanala, ndipo usiku umene kumwamba kunali kopanda mtambo ndiponso kopanda mphepo, umene ndi usiku wa chisanu choopsa, ankandiuza kuti ndichotse batire ndikaligoneke m'nyumba. Ndi lolemera kunyamula, koma batire lofunda limazunguza injini mosiyana kwambiri ndi limene lagona panja.

Za oyilo sindichulutsa mawu. Amene pa chigubu pake palembedwa 15W-40 amayenda bwino m'chisanu kuposa oyilo wa nambala imodzi monga SAE 40, ndipo oyilo wakale wakuda amalimba kwambiri kuposa watsopano. Choncho nthawi yabwino yosinthira oyilo ndi mu Meyi, chisanu chisanafike.

Chimene ine sindinkachidziwa n'komwe m'mawa uja ndi kachipangizo kotchedwa thermostart, kamene kamakhala pa paipi yolowetsa mpweya mu injini za Perkins zamtunduwu. Munthu akapotoza kiyi n'kumuimika pa malo otenthetsera, kawaya ka mkati mwake kamafiira, kavalavu kamatseguka, timadontho ta dizilo timagwera pa kawayako n'kuyaka, ndipo injini ikayamba kuzungulira imakoka mpweya wodutsa pa lawi limenelo. Mathirakitala ena ali ndi ma glow plug, amene amatenthetsa silinda iliyonse payokha, ndipo ena atsopano ali ndi chotenthetsera chamagetsi pa njira ya mpweya, koma cholinga n'chimodzi. Ine ndinkangolumpha malo amenewa n'kupita ku sitata.

Mmene ndinaphunzirira kuliza ndi motere. Ndimakhala pampando, ndimamanga mabuleki, ndimaonetsetsa kuti magiya ali pa nyutulo ndipo kandodo kakang'ono kosankhira liwiro kali pa chilembo cha S, chifukwa pa 135 sitata siigwira ngati kandodoko kali pena. Ndimakankhira mkati kachitsulo kozimitsira injini, kamene kakaiwalika kali kunja dizilo safika ngakhale munthu atazunguza injini tsiku lonse. Ndimatsegula mafuta mpaka theka kapena kupitirirapo pang'ono, ndimaponda kilatchi mpaka pansi kuti sitata isavutike ndi kuzunguza magiya amene ali mu oyilo wolimba, kenako ndimagwira kiyi pa malo otenthetsera kwa masekondi 15 kapena 20. Nthawi zambiri pamamveka kaphokoso kakang'ono kosonyeza kuti lawi layaka, ndipo m'pamene ndimapotozera kiyi ku sitata. Ikapanda kulira m'masekondi 10 kapena 15 ndimasiya, n'kudikira mphindi yathunthu kapena ziwiri kuti sitata izizire ndiponso batire lipume, kenako ndimayambiranso potenthetsa. Kudikira kumeneku n'kovuta pamene zala zikuwawa ndipo ng'ombe zikulira, koma sitata zambiri zimapsa chifukwa cha anthu amene analephera kudikira mphindi imodzi.

Pozunguza injini maso azikhala pa utsi, chifukwa utsi umanena kumene kuli vuto. Utsi woyera wonunkha dizilo umatanthauza kuti mafuta akufika koma sakuyaka, ndiye chofunika ndi kutentha kapena liwiro la sitata. Kukakhala kopanda utsi uliwonse ndiye kuti mafuta sakufika, ndipo kupitiriza kupotoza kiyi n'kungopha batire. Apa m'pamene pamabwera nkhani ya dizilo weniweniyo. Mu dizilo muli phula losungunuka limene silioneka kukamatentha, koma kukazizira kwambiri limayamba kuundana, mafuta n'kuchita mbuu, ndipo tizidutswa take timatseka fyuluta. Makampani a mafuta amagulitsa dizilo wopirira kuzizira m'miyezi yachisanu, koma pa famu vuto limabwera chifukwa thanki yaikulu imadzazidwa m'chilimwe, mafuta omwewo n'kufika nawo mu Julayi. Mankhwala oletsa phulali kuundana alipo, koma amagwira ntchito akathiridwa mafuta asanaundane. Ena amasakaniza dizilo ndi palafini, ndipo ine sindigwirizana nazo, chifukwa palafini alibe kuterera kumene pampu ya mafuta imadalira, pampuyo ndi yodula kwambiri kukonza, komanso ku South Africa kusakaniza kumeneku n'koletsedwa ndi lamulo.

Madzi nawo amalowa mu dizilo popanda wowathira. Thanki ya thirakitala ikagona ili theka, mpweya wa mkati mwake umachita thukuta usiku, timadontho n'kutsikira pansi pa mafuta, ndipo timadonthoto tikafika m'paipi yopyapyala n'kuundana, njira yatsekeka. N'chifukwa chake Ntate ankadzaza thanki madzulo pomaliza ntchito, osati m'mawa, ndipo sabata iliyonse ankamasula kabakuli kagalasi kamene kamasunga madzi ndi zinyalala n'kukakhuthula. Munthu akatero kapena akasintha fyuluta ayenera kutulutsa mpweya m'mapaipi, pomasula pang'ono timabawuti take n'kumapopa ndi kandodo ka pampu yaing'ono mpaka dizilo atuluke wopanda thovu.

Pa radiyeta ndinaona ndi maso anga zimene madzi okhaokha amachita. Pa famu yoyandikana nafe thirakitala ina inagona panja ili ndi madzi a pampopi, ndipo m'mawa chitsulo cha injini chinapezeka chitang'aluka, chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse ndipo chitsulo cha injini sichingawaletse. Madzi osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala oletsa kuundana otchedwa antifreeze saundana mpaka madigiri opitirira 30 pansi pa ziro, komanso amateteza mkati mwa injini ku dzimbiri, phindu limene ngakhale wa ku Nsanje kotentha kuja angalipeze.

Pali njira zitatu zachidule zimene ndimaziopa, ndipo ndimapempha aliyense woyendetsa thirakitala kuti azipewe. Ina ndi yosonkha moto kapena kuika mbaula pansi pa injini, pamalo pamene pamakhala oyilo wodontha, mapaipi a mafuta ndi zinyalala za udzu wouma. Ina ndi ya mankhwala opopera a ether, amene amayaka msanga kwambiri. Akapoperedwa pa injini imene thermostart kapena ma glow plug ake ndi otentha, amaphulikira m'paipi ya mpweya, ndipo ngakhale pa injini yopanda zotenthetsera, akachuluka amamenya pisitoni nthawi yake isanakwane n'kuthyola maring'i. Koma yoopsa kuposa zonse ndi yoima pansi pambali pa thirakitala n'kulumikiza mitu ya sitata ndi sikuludiraiva. Njira imeneyi imalambalala chitetezo chija cha pa chilembo cha S, ndipo ngati thirakitala ili m'giya imanyamuka pomwepo, munthu ali kutsogolo kwenikweni kwa tayala lalikulu lakumbuyo. Alimi ndi antchito ambiri m'mayiko osiyanasiyana afa imfa imeneyi. Ngati batire lafooka, ndi bwino kubwereka moto ku galimoto ina, waya wofiira kuchoka ku mutu wa pulasi kupita ku pulasi, wakuda n'kumugwiritsa ku chitsulo cha injini patali ndi batire, woliza ali pampando.

Njira yabwino yoperekera kutentha ilipo kwa amene ali ndi magetsi, ndiyo kachotenthetsera kamene kamamangidwa pa injini n'kumafunditsa madzi ake kwa maola awiri kapena atatu munthu asanalize. Ife tinalibe, choncho tinkaimika thirakitala m'shedi, kumene mphepo siwomba, mphuno yake italoza kukhomo la kum'mawa, ndipo tinkafunditsa injini ndi chibulangete chakale itazizira pang'ono madzulo. Polizira m'shedi zitseko ziyenera kukhala zotsegula, popeza utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha.

Injini ikalira, ntchito sinathe. Imayamba ndi kugwedezeka ndi kutsokomola utsi woyera, silinda imodzi itagwira zinazo zisanagwire, ndipo apa ndimabweza mafuta kuti isathamange, maso ali pa chizindikiro cha oyilo, chimene chiyenera kusonyeza m'masekondi ochepa kuti oyilo wayamba kuyenda. Ndimaisiya mphindi zisanu, ndimamasula kilatchi pang'onopang'ono magiya ali pa nyutulo kuti oyilo wa kumbuyo ayambe kuzungulira, ndipo ndimakweza ndi kutsitsa mikono ya hayidiroliki kangapo yopanda katundu. Kuisiya ikungolira kwa theka la ola sikuthandiza, chifukwa injini ya dizilo imafunda bwino ikamagwira ntchito yopepuka, choncho ulendo wopita kokatenga mabelo ndinkauyenda pa giya yotsika, ngolo ili yopanda kanthu.

M'mawa wozizira kwambiri umene ndikuukumbukira unali wa mu Julayi wa chaka chomwecho, pamene ngakhale madzi a m'paipi ya panja pa nyumba yathu anaundana. Madzulo ake ndinali nditadzaza thanki, nditakhuthula kabakuli kagalasi ndiponso nditalowetsa batire m'chipinda changa. Ndinalibweza kukadali mdima, ndinatenthetsa masekondi 20, injini inazungulira n'kutulutsa utsi woyera koma osagwira. Ndinadikira, ndikuwerenga masekondi chamumtima, n'kutenthetsanso, ndipo ulendo wachiwiriwo inalira. Ntate anali ataima pakhomo la shedi manja ali m'matumba a jasi, ndipo anatsegula geti kuti ndidutse ndi ngolo dzuwa lisanatuluke.