Lero mu Joni, nkhani ya Panyaza mu takisi

Ndadzuka 5 koloko kuzizira kwake eeh, pa mpopi madzi kulibe, ndangopukuta kumaso ndi otsala mu ndowa basi ulendo wa ku tauni. Pa renki ndapeza amapanyaza atatu akuothera dzuwa, anyamata a yunifomu yobiriwira aja omwe Panyaza Lesufi, mkulu wa chigawo chathu chino cha Gauteng, anawalemba mu 2023 kuti azilondera mmisewu mpaka anthu anangowapatsa dzina lake lomwelo. Ine ndikawaona mtima umayamba wagunda kaye olo mapepala anga ali bwinobwino.

Mu takisi ndinakhala ndi achimwene ena a ku Mangochi amasoka zovala ku Fordsburg. Tikudutsa pa City Hall, pomwe aphungu a Gauteng amakumana, iwo amvekere "achimwene tandiuzani, Panyazayu si analuza zisankho? nanga akutaninso pampando?" Ndinaseka koma funso ndi lomveka ndithu. Mu 2019 chipani chake cha ANC kuno ku Gauteng chinapulumukira mkamwa mwa mbuzi, 50 peresenti ndi kachidutswa, mipando 37 mwa 73. Pa 29 May 2024 chinagwa chagada, mipando 28 yokha mwa 80, DA 22, EFF 11, MK ya Zuma yomwe inali yangobadwa kumene 8. Koma kuno savotera munthu ngati kwathu komwe MP akaluza amakalima fodya, amavotera chipani ndiye chipani chimatumiza anthu ake motsata mndandanda. Pa 14 June aphunguwo anamusankhanso kukhala mkulu wa chigawo popanda opikisana naye, atalephera kumvana ndi a DA anangotola zipani za IFP, PA ndi Rise Mzansi nkupanga boma. Achimwene aja angoti "mhh ndale za kuno" nkutsika.

Ine chilungamo mkuluyu ndinkamukonda ali nduna ya maphunziro ya chigawochi, kuyambira 2014 mpaka 2022, ndi nthawi yake imene zofunsira malo a Grade 1 ndi Grade 8 pa intaneti zinayamba, mwana wanga ndinamulembetsera pa foni nditakhala pa bedi. Mu 2019 atamusamutsira ku zachuma makolo analira mpaka anamubweza pasanathe sabata. Chitengereni mpando wa mkulu wa chigawo kuchokera kwa David Makhura mu October 2022 ndimangoona zolankhula zachuluka, ngakhale ma e-toll, makina olipiritsa magalimoto pa misewu ikuluikulu aja, anazimadi mu April 2024, apo ndisaname.

Ndafika pa den cha m'ma 7, mpopi ukungotulutsa mphepo. Ndabwereka zigubu ziwiri kwa neba, nsima ndaphika.