Lipoti la ulendo wa ku FOSDEM 2024 ndi ntchito yosamutsira Dino pa Windows

Anzathu a m'gulu, ife amene munatituma ku Brussels tabwerako, ndipo nawu uthenga. FOSDEM, msonkhano wa pachaka wa anthu okonza mapulogalamu aufulu a kompyuta, ya 2024 inachitika pa 3 ndi 4 Febuluwale pa yunivesite ya ULB ku Solbosch. Tinakwera Eurostar ku London St Pancras n'kukatsikira ku Bruxelles-Midi, ndipo m'mawa tinkapita kumsonkhano pa basi nambala 71. Amene mudzapite mtsogolomu dziwani kuti pakhomo salipiritsa komanso salembetsa maina, koma ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, viza ya Schengen muifunsire nthawi ikadalipo. Zipinda zimadzaza msanga. Mukachedwa mumakhalira kuonera pa foni mutaima m'khonde.

Chimene munatitumira ndi nkhani ya Dino, pulogalamu yochezerana ya XMPP (njira yotseguka yotumizirana mauthenga pa intaneti) yolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha Vala ndi GTK, chida chokonzera mazenera ndi mabatani. Pa Linux imayenda bwino kwambiri, koma abale athu amene tikufuna kuti aziigwiritsa ntchito, m'masukulu ndi m'maofesi kumudzi, makompyuta awo ndi a Windows. Funso lathu linali lakuti: tingathandize pati kuti iziyenda kumenekonso?

Yankho lenileni tinalipeza m'makonde, pocheza ndi anthu a XMPP amene amasonkhana ku Brussels nyengo imeneyi. Onse amene anayesapo ntchito yotere ankabwerera pa mfundo imodzi. Mtima wa pulogalamu, umene umalumikizana ndi seva, kubisa mauthenga ndi njira yotchedwa OMEMO ndi kusunga zokambirana mu nkhokwe ya SQLite, susautsa kwenikweni. MSYS2, phukusi la zida za okonza mapulogalamu, ili kale ndi GTK ndi zida zina zomangira pa Windows, moti zenera limatha kutseguka popanda kulimbana nalo kwambiri. Vuto limagona m'mphepete, pamene pulogalamu imakhudzana ndi kompyuta yeniyeniyo. Zili ngati kuokera mbande: mbewu ndi yomweyo, koma nthaka ndi ina, ndipo mizu ndiyo imavutika.

Tengani chidziwitso chakuti uthenga wafika. Pa Linux, Dino imachitumiza kudzera pa D-Bus, njira imene mapulogalamu amalankhulirana, pamene Windows ili ndi njira yakeyake, ndiye gawo limenelo liyenera kulembedwanso. Kuimbirana ndi mawu kapena vidiyo kumadalira GStreamer, chida choyendetsera mawu ndi vidiyo, ndipo maikolofoni ndi kamera zimapezeka mosiyana pa Windows. Palinso kumene mafayilo amakhala, popeza kumeneko zosunga za pulogalamu zimapita mu foda ya AppData. Ukamaliza zonsezo umafunika kukonza installer, fayilo yoikira pulogalamu pa kompyuta, ndipo ikakhala yopanda siginecha yotsimikizira amene anaikonza, SmartScreen, mlonda wa mu Windows, imachenjeza munthu asanaitsegule. Mphunzitsi wa kusekondale akaona chenjezo lotere amangotseka, ndipo ine sindingamudzudzule, chifukwa ndi zimene timawaphunzitsa tokha.

Mbiri ya Pidgin, pulogalamu ina yochezerana, inatithandiza kwambiri kuganiza. Mark Spencer anaiyamba mu 1998 ikutchedwa Gaim, ndipo dzina linasintha mu 2007 atagwirizana ndi kampani ya AOL pa mkangano wa dzinalo. Chanzeru chimene anachita ndi kulekanitsa mtima wa pulogalamu ndi nkhope yake. Mtimawo, umene unadzatchedwa libpurple, ndi umene unalola pulogalamu yochezerana ya Adium kukhala ndi nkhope ya Mac yeniyeni, komanso inzake ya Finch kuyenda ndi malemba okhaokha. Koma mbali ina ya mbiriyi ndi imene inandikhala pamtima: Adium, pulogalamu yokongola chonchija, yakhala zaka zambiri osatuluka yatsopano. Sikuti inali yoipa, koma manja oisamalira anachepa. Pidgin 2 nayo imasunga mapasiwedi mu fayilo ya accounts.xml osabisa. Ife tisatsate njira imeneyo poti Windows ili ndi Credential Manager, malo osungira mapasiwedi mobisa.

Tinaonanso laputopu yoyendera Haiku, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows, mdzukulu wa ina yakale yotchedwa BeOS. Kumeneko anasankha njira ina. M'malo mosintha pulogalamu iliyonse payokha, mu Haiku R1/beta4 ya Disembala 2022 anaikamo magawo otsanzira X11 ndi Wayland, njira zimene Linux imaonetsera mazenera, moti mapulogalamu a GTK ngati GIMP ndi Inkscape anayamba kuyenda. Anzathu ena anakopeka nazo, koma kwa ife sizikuthandiza. Amene tikuwakonzera sadzasintha kompyuta yonse chifukwa cha pulogalamu yocheza.

Pobwerera m'sitima tinatsutsana ndithu. Ena ankati tingolimbikitsa Gajim, pulogalamu ina ya XMPP, poti imatuluka kale ya Windows ndipo OMEMO ilimo. Mfundo imeneyi ndi yolimba, ndipo kwa aliyense wofuna kuyamba mawa, ine ndinganene kuti ayambe ndi Gajim. Komabe maonekedwe a Dino ndi osavuta kwa munthu wozolowera WhatsApp, ndipo ntchito yoisamutsira pa Windows anaiyamba kale ena odzipereka. Kuyamba yathu yapadera kungakhale kumwaza mphamvu zochepa zimene tili nazo.

Choncho tikupempha a wapampando kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane izi. Tilowe mu ntchito imene ilipo kale, ndipo titenge gawo limodzi lokha, la zidziwitso, mpaka lithe. Amene muli ndi makompyuta akale a Windows 10, makamaka a RAM yochepa, muwabweretse tiyeserepo, ndipo tipeze wina kumudzi woyesa kuimbirana pa intaneti ya m'foni yodukaduka, chifukwa ya kuno siingatiuze zoona. Tisanalembe mzere woyamba, pakufunika anthu awiri ovomera kuti Dino yatsopano ikatuluka, iwo ndi amene azimanganso ya Windows ndi kuyankha madandaulo. Mndandanda wa ndalama zimene tinagwiritsa ntchito paulendowu taupereka kwa a msungichuma.