Nthochi ya amayi anga ya ku Papua New Guinea

Mbale yomwe timayezera DNA mu labu ili ndi timaenje 96. Pa ntchito imeneyi, nambala 1 mpaka 90 anali masamba a nthochi zakutchire omwe anzathu anakatenga ku Papua New Guinea, ndipo 91 mpaka 96 zinali zomera zodziwika kale zoyerekezera. Ine, mwana wasukulu wochokera ku Malawi, ntchito yanga inali kutulutsa DNA m'masambawo ndi kuona kuti mtundu uwu ukuthera pati, winawo ukuyambira pati.

Funsoli limamveka lophweka kwa amene sanaionepo nthochi yakutchire. Kabuthu, sukali ndi kholobowa zomwe timadya kwathu, makolo ake ali m'nkhalango za kummwera chakummawa kwa Asia ndi New Guinea, makamaka Musa acuminata ndi Musa balbisiana. Zipatso zake ndi njere zokhazokha zolimba, mnofu wake wongonyambita. Vuto ndi lakuti nthochi zimenezi sizisunga mwambo. Acuminata yokhayo ili ndi timagulu tambiri, banksii ku New Guinea, zebrina ku Java, malaccensis ku Malaysia, ndipo zikakumana zimakwatirana n'kubereka. Ngakhale akatswiri sanakhazikike. Cheesman mu 1947 anagawa Musa, lomwe ndi gulu la nthochizi, m'zigawo zinayi, Häkkinen mu 2013, atatsamira pa umboni wa DNA, anaziphatikiza n'kutsala ziwiri.

Masamba anabwera ouma m'timatumba ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Kutchire amadula tsamba lanthete lomwe silinatambasuke, n'kuthira silica wolemera kakhumi kuposa tsambalo kuti liume msanga lisanachite nkhungu. Ine ndimatenga mamiligalamu 20, kusinja ndi nayitrojeni wamadzi mpaka ufa, kuthira CTAB ya 2 peresenti, mankhwala omasula DNA m'tsamba, n'kusiya pa madigiri 65 kwa mphindi 45. PVP, mankhwala ogwira utomoni, osaiwala. Utomoni uja umadetsa malaya ukamadula mkoko, mu chubu umachitanso zomwezo: umamatirira ku DNA, kotsalira pansi pa chubu kamatuluka kofiirira, ndipo PCR, njira yochulukitsira DNA, imakana. Kenako chloroform ndi isoamyl alcohol, 24 kwa 1, kupukusa mu centrifuge, kutunga madzi apamwamba osakhudza zinyalala zapakati, isopropanol wozizira, kutsuka ndi ethanol wa 70 peresenti. Muyeso wa kuwala wotchedwa 260/280 ukafika cha pa 1.8, DNA yayera.

Zonsezi zinayenda bwino, ndipo ndikufuna zidziwike. Machubu anga anali oyera mbee. Nambala ndinalemba pa zivindikiro, zomwe ndi zozungulira, zopanda mutu kapena miyendo.

Zotsatira za ITS ndi matK, tizigawo ta DNA tomwe timasiyanitsira zomera, zitabwera, ndinaziika mu kompyuta kuti ijambule mtengo wa chibale. Mtengo wotere umafuna muzu, ndiye umaiuza kompyuta kuti wachibale wapatali ndi uti. Wathu anali nambala 91, Ensete ventricosum. Ndinatero, n'kudikira.

Chomwe chinatuluka chinandiimitsa pampando. Banksii, yomwe aliyense amadziwa kuti ndi kanthambi chabe ka acuminata, inakhala kutsinde kwenikweni ngati kholo la nthochi zonse. Balbisiana ndi zina zinaphukira mkati mwake. Ndiyeno nambala 16 inali payokha, pa nthambi yaitali yoti kuti ndiione yonse ndinachita kuchepetsa chithunzi. Pa fomu ya kutchire analemba kuti 16 ikuoneka ngati banksii wamba. Maonekedwe a banksii koma DNA yachilendo kotheratu: m'mabuku zoterezi zilipo, mitundu yobisala yomwe maso sangaisiyanitse. Zotsatira za GBS, njira yowerenga tizidutswa tambirimbiri ta DNA, zitafika ndinayerekeza ndi DNA yonse ya DH-Pahang, nthochi yomwe anaiwerenga mu 2012, ndipo tizidutswa tambiri ta 16 sitinapeze pokhala. Wina akanada nkhawa. Ine ndinati umboni wachiwiri ndi umenewo.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Usiku womwewo ndinaimba foni kumudzi.

"Amayi, mwakhala pansi?"

"Kwagwanji mwanawe?"

"Palibe chagwa. Ndapeza mtundu wa nthochi womwe dziko lonse siliudziwa. Wopeza ndiye amatcha dzina, ndiye nditcha dzina lanu."

Anakhala kaye chete, kenako anafunsa ngati ndi yophika kapena yodya yakupsa. Ndinati ndi yakutchire, siidyedwa. Anati palibe kanthu, bola dzina. Sabata isanathe nkhani inali itafika ku Mvano, ndipo malume anatumiza uthenga wofunsa ngati kukhale kena kake kochokera ku boma la kumeneko.

Kwa a Pulofesa ndinapita nditavala malaya ositidwa. Anauyang'ana mtengo uja nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Sanaseke, mwina ndi ukalamba pa ntchito.

"Nthambi yaitali chonchi," anatero, "ukuganiza kuti ma chromosome ake angakhale angati?"

Ndinalakatula zomwe ndimadziwa: ma chromosome, timitolo ta DNA mu selo, acuminata, balbisiana ndi schizocarpa ali nawo 22, chigawo cha Musa chotchedwa Callimusa ambiri 20, Musa ingens, chimphona cha m'mapiri a New Guinea, 14. Mwina wangayu ali ndi chiwerengero chakechake.

"Mwina 18," anatero. "Waika ITS yake mu BLAST?"

Ndinali ndisanaike. BLAST imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri: umamata zilembo za DNA pa tsamba la GenBank, iyo n'kukuonetsa zomwe zikufanana nazo mwa zonse zomwe anthu anasungako. Anamata okha ine nditaima kumbuyo kwawo. Mzere woyamba, Ensete ventricosum. Wachiwiri, Ensete ventricosum. Mpaka pansi. Ensete ndiye ali ndi ma chromosome 18.

Anatsegula furiji, kutulutsa chubu cholembedwa 16, n'kuchitembenuza pang'onopang'ono pakati pa zala. 91. Anatenga cha 91, kuchitembenuza. 16.

Ndiye kuti muzu wa mtengo wanga unali banksii, n'chifukwa chake mtengo wonse unazondoka, mizu m'mwamba. Ndipo mtundu wanga watsopano wa ku Papua New Guinea unali chomera cha ku Africa chomwe chimamera chokha m'mapiri ndi m'makwawa akwathu konkuno, chija chooneka ngati nthochi yonenepa kutsinde, chosaphuka ana, chomwe chikabereka kamodzi chimafa. Ku Ethiopia amachilima, anthu mamiliyoni amadya tsinde lake. Chinadziwika ndi kulembedwa agogo anga asanabadwe.

A Pulofesa anandipatsa cholembera n'kundiuza kuti ndidule mzere pansi pa nambala iliyonse, ndilembenso m'mbali mwa chubu, osati pa chivindikiro pokha. Pamene ndimalemba anandiwerengera ena oopsa: 6 ndi 9, 18 ndi 81, 19 ndi 61, 68 ndi 89. Ndinapita kukaona onsewo thukuta lili kamukamu. Anali bwino, mwamwayi chabe.

Nambala 16 yeniyeni titaibwezera pamalo pake, inatipatsa ntchito ina, yoona tsopano. Pa DNA ya mu chloroplast, kachigawo kobiriwira ka selo komwe matK imapezeka, inakhala pakati pa banksii popanda chokayikitsa. Koma mu Musa chloroplast imachokera kwa mayi okha, mitochondria, kachigawo kena ka selo, kwa bambo, ndiye mtengo wa matK umangokuuza za kuchikazi. Titaona ma SNP, malo omwe zilembo za DNA zimasiyana, a mu nucleus, momwe DNA imachokera kwa makolo onse awiri, gawo lina linali la Musa schizocarpa, nthochi ija khungu lake limang'ambika lokha ikakhwima. Ziwirizi zimamera moyandikana ku New Guinea ndipo zimakwatirana kutchire. Chomera chotere sungachipatse dzina latsopano. Umafunika zomera zambiri za malo osiyanasiyana, DNA ya mu nucleus ndi ya chloroplast, chiwerengero cha ma chromosome, njere ndi maluwa, zonse zigwirizane kuti gululi limaberekana lokha osasakanikirana ndi anzake. Tsamba limodzi, ngakhale nthambi yake italike bwanji, silikwana.

Kumudzi ndinazengereza kuimba mpaka anaimba okha. Ndinafotokoza za zivindikiro, za muzu, za 18 ndi 22. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ukunena zinthochi zija za kukhwawa, zomwe njere zake ana amatunga mikanda?"

"Zomwezo amayi."

"Zimenezo ukanangondifunsa, ndikanakutumizira pa basi. Koma ku Mvano ukanene wekha ukabwera, ine ndinalandira kale nsalu."