Nyama ya mbuzi imafuna moto wa mitundu iwiri

Loweruka lapitali tinakumana anthu asanu ndi awiri, tonse odziwana kuyambira kale, kuti tiwotche nyama ya mbuzi pabwalo la mmodzi wa ife. Panalibe chikondwerero chilichonse. Wina anabweretsa makala, wina waya wowotcherapo, ndipo ine anandipatsa udindo woyang'anira moto. Udindowu ndinaulandira ndi mtima wonse, chifukwa ulendo wam'mbuyomu ndinawononga theka la nyama, ndipo mpaka lero zimandipweteka ndikakumbukira mmene anzanga ankatafunira nthuli zouma mwakachetechete.

Cholakwa changa chinali kuika ziwalo zonse pamoto umodzi waukali, ngati kuti mbuzi yonse ndi mnofu wofanana. Mbuzi imasunga mafuta ake ambiri m'mimba ndi mozungulira impso, choncho mnofu wake uli ndi mafuta ochepa poyerekeza ndi wa nkhosa, ndipo umauma msanga ukakhalitsa pamakala. Nyama ya pamsana ndi chiwindi zimafuna moto waukali kwa mphindi zochepa chabe. Koma phewa, khosi ndi miyendo, zimene mbuziyo imagwiritsa ntchito tsiku lonse poyenda ndi pokwera, zili ndi timitsempha tambiri tolimba ta kolajeni, tomwe timasungunuka pokhapokha titalandira kutentha kofatsa kwa maola awiri kapena atatu. Mukazifulumizitsa, kunja kumapserera pomwe mkati mukadali molimba.

Ulendo uno ndinaunjika makala mbali imodzi, mbali inayo ndikusiyako ochepa kwambiri. Phewa ndinaliika mumphika wachitsulo wovundikira, pamodzi ndi anyezi, adyo ndi timadzi pang'ono, kenaka ndinaukhazika kumbali yofatsayo anthu asanayambe n'komwe kumva njala. Mchere ndinali nditathira usiku wathawo kuti ulowerere mpaka mkati. Madzi a mandimu ndinawasunga mpaka ola lomaliza, pakuti nyama ikakhalitsa m'zowawasa kunja kwake kumafewa moipa, koma mkati simusintha. Pa za fungo limene ena amadana nalo, chachikulu n'chakuti posankha nyama mupewe tonde wamkulu wosafula, chifukwa palibe zokometsera zimene zingabise fungo lake.

Chovuta kwenikweni pa tsiku lotere ndi anzako amene azungulira moto. Aliyense amafuna kutembenuza nyama, wina kuikanikiza ndi mpeni, zomwe zimangofinya msuzi wake n'kuutayira pamakala. Mmodzi anandiuza kuti, "Achimwene, motowu ukutha, ikanipo zonse nthawi imodzi." Ndinakana mwaulemu, ndipo ndinadikira mpaka malawi atazima ndi makala atakutidwa ndi phulusa loyera, chifukwa malawi amadetsa nyama ndi mwaye ndi kuipatsa kuwawa. Kuti anthu asatope ndi kudikira, ndinayamba ndi chiwindi chodulidwa mopyapyala, chomwe chinapsa mwamsanga ndi kugawidwa chikadali chotentha.

Nyama ya pamsana ndinaiyeza ndi kachipangizo koyezera kutentha, ndipo itafika madigiri 63 a Celsius mkati ndinaiphula n'kuisiya mphindi zingapo ndisanaidule, kuti msuzi wake usatayikire pathabwa. Ena amaona ngati kachipangizoka n'kosafunika pakati pa abwenzi, koma ine ndimakakonda chifukwa maso amanyenga, makamaka kukayamba kuda. Ndinasamalanso kuti mbale imene munali nyama yaiwisi isalandirenso nyama yakupsa isanatsukidwe, chinthu chimene chimaiwalika mosavuta macheza akakoma.

Patadutsa maola atatu ndinavundukula mphika uja. Phewa linali litafewa moti fupa linkasunthika ndikaligwira, ndipo ndinaliika pawaya kumbali yaukali kwa kanthawi kochepa kuti kunja kufiire ndi kulowa fungo la utsi. Ndinalidula mopingasa ulusi wa mnofu, n'kuthira pamwamba msuzi wotsala mumphika ndi tsabola pang'ono. Macheza anayamba aima pamene mbale inkazungulira, ndipo mnzanga uja amene ankandifulumizitsa anatenga fupa, n'kundipempha kuti ulendo wotsatira tidzayese khosi, ndipo analonjeza kuti adzafika m'mamawa kudzayatsa yekha makala.