Ndalama zitatsala mu kampani yathu ya mpunga

Kampani yathu yaing'ono, yomwe imapuntha ndi kugulitsa mpunga kuno ku Salima, inamaliza chaka chatha ili ndi ndalama zotsala, ndipo ine ndi achimwene anga tinatha masiku angapo tisanagwirizane chochita nazo. Iwo ankafuna kuti tigawane, koma ndinawakumbutsa mwaulemu kuti pamaso pa malamulo kampani yolembetsedwa imaima payokha, kotero ndalamazo si zathu kufikira titalengeza gawo la eni masheya, lomwenso limadulidwa msonkho.

Choyamba tinapatula msonkho wa MRA, umene ndi 30 peresenti ya phindu, pamodzi ndi malipiro a antchito a miyezi itatu.

Zotsala pamenepo ndi zimene zinandisowetsa tulo. Sindidzaiwala mwezi wa Novembala 2023, pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene tinkasonkhanitsa kuti tigulire injini yatsopano sizinakwanenso. Kuchokera nthawi imeneyo ndimaopa kusiya ndalama zikugona mu akaunti wamba. Gawo lina tinagulira ma Treasury Bill a masiku 91 (uku ndi kukongoza boma ndalama kwa kanthawi) kudzera ku banki yathu, chifukwa ndalama zimabwerera msanga ndi chiwongoladzanja, pomwe a masiku 182 kapena 364 akanatimanga manja pa nthawi yokolola. Gawo lalikulu ndinaumirira kuti lidikire mwezi wa Juni, pamene alimi a ku Lifuwu amakhala atakolola ndipo mpunga wosapuntha umatsika mtengo, popeza tikagula wambiri n'kuusunga pouma, pofika Disembala umakhala utakwera mtengo.