Apendikisi ikaphulika, kutsuka m'mimba kumathandiza pati?

Abale athu ambiri kuno ku Joni amafika ku chipatala cha Bara kapena cha Helen Joseph apendikisi itaphulika kale. Amayamba ndi Panado, ati ndi mpweya chabe, poopa kutaya tsiku la ganyu. Pofika tsiku lachitatu mafinya ali ponseponse. Akatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni n'kumva kuti "takutsukani m'mimba", amayesa nkhani yathera pompo.

Kutsukaku kuli pawiri, ndipo anthu amasokoneza.

Koyamba ndi kwa m'kati mwa mimba. Dokotala akachotsa apendikisi amayamwa mafinya ndi kapaipi, kenako ena amathira madzi a mchere, a magalamu 9 pa lita, ofunditsidwa kufika 37°C kuti wodwala asazizidwe, n'kuwayamwanso. Zikumveka zanzeru, koma kafukufuku wa ku Kansas City, ku America, yemwe anatuluka mu 2012, anayesa pa ana 220: otsukidwa ndi ongoyamwidwa mafinya anachita zithupsa za m'kati mofanana, pafupifupi mmodzi mwa asanu. Madzi satsuka tizilombo tomwe tamatirira kale pa matumbo. Akachuluka amakokolola mafinya kupita kunsi kwa chiwindi ndi m'chiuno, ndipo akapanda kuyamwidwa onse, dziwe lotsalalo ndilo limasanduka chithupsa. N'chifukwa chake madokotala ena akuyesa kusakanizamo ayodini, uja wofiirira wa Betadine, kuti aphe tizilomboto m'malo mongotisuntha. Ine ndimati kuyamwa mosamala ndiye ntchito yeniyeni.

Kwachiwiri ndi kwa bala lenilenilo, mafuta ndi khungu, asanasoke. Apa WHO, nthambi ya zaumoyo ya dziko lonse, mu 2016 inati ayodini wosungunula m'madzi angagwiritsidwe ntchito, koma inakana kutsukira bala maantibayotiki. Ayodiniyo ena amamuchepetsa mphamvu kwambiri, kufika 0.35%, kumusiya mphindi zitatu, n'kutsukuluza. Wosakaniza ndi spiriti sayenera kulowa m'bala, amawotcha minofu. Thupi limamwa ayodini, choncho ngati muli ndi pakati, vuto la chithokomiro kapena la impso, kapena ayodini amakuwengani, nenani musanalowe ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni.

Chotsala ndi maantibayotiki, monga ceftriaxone ndi Flagyl, masiku 3 mpaka 5 ngati mafinya anachotsedwa bwino. Malizani onse.

Chithupsa cha m'kati chimabisala. Chimaonekera pakati pa tsiku la 5 ndi la 10, munthu ali kale kunyumba: thupi kutentha n'kuzizira, kusafuna nsima, kutsegula m'mimba pang'onopang'ono kokhala ngati mamina, nthawi zina kupweteka paphewa la kumanja. Bala kunja likhoza kuoneka louma bwinobwino. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, akaunike ndi sikani. Nthawi zambiri chithupsacho amachichotsa ndi kapaipi osang'ambanso. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Ndipo chonde, kunyumba musathire Jik, spiriti kapena Dettol pabala. Bala likafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, namwino amamasula ulusi umodzi kapena uwiri kuti mafinyawo atuluke.