Sikelo ya mbatatesi ndi liwiro la serial port mu QEMU

Amalume anga amagula mbatatesi kwa alimi a ku Bembeke n'kumagulitsa kwa amalole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. M'nyumba yawo yosungiramo katundu pa Dedza boma muli sikelo yamagetsi imene imatumiza kulemera kwa thumba lililonse ku kompyuta kudzera pa waya wa serial, uja wa mapini 9. Pulogalamu yolandira manambalawo ndi ya DOS, dongosolo lakale loyendetsera kompyuta, ndipo amene anailemba sakupezekanso. Kompyuta yakaleyo itafa, ndinasamutsira pulogalamuyo mu QEMU, pulogalamu yotsanzira kompyuta ina, pa laputopu ya Linux.

Kwathu kulibe sikelo, ndiye poyesa ndinkatenga fayilo ya manambala amene sikelo inatumizapo kale n'kuithira mu COM1, khomo loyamba la serial, kudzera pa socket, njira imene mapulogalamu amatumizirana uthenga popanda waya wa serial. Zotuluka zake zinali zodukaduka. Thumba la makilogalamu 52.5 linkaoneka ngati 5.5, mizere ina n'kusoweratu. Chonsecho pulogalamu inali itatchera liwiro la 9600 baud (ma bit 9600 pa sekondi) bwinobwino.

Pa kompyuta yeniyeni, UART (kachipangizo koyendetsa serial port), kaya ndi 8250 kapena 16550A, imayendera wotchi ya 1.8432 MHz. Mukagawa ndi 16 mupeza 115200, ndipo pulogalamu ikalemba 12 ngati chogawira, liwiro limatsikira pa 9600. Chilembo chimodzi chimadya ma bit 10: 8 a uthenga weniweni, imodzi yoyambira, ina yotsekera. Ndiye kuti pa sekondi pamadutsa zilembo 960 basi. Ngakhale mutaukakamiza bwanji, waya sungapyole pamenepo.

QEMU imatsanzira 16550A, ndipo 12 uja imamulandira n'kumusunga. Koma ngati kuseri kwake kuli socket, palibe chochedwetsa zilembo. FIFO ya zilembo 16, malo a mu UART odikirira zilembo zimene zafika, ikangopungulidwa, QEMU imaidzazanso pompopompo. Pulogalamu ya amalume imasamutsa zilembo kuchoka mu FIFO kupita m'kamalo kake kakang'ono kosungira, ndipo ikatanganidwa ndi kulemba pa sikirini kapena pa disiki, kamaloko kamasefukira, zatsopano n'kufufuta zakale. Zili ngati kuchigayo: mwini chigayo amatsegula kachitseko pang'ono kuti chimanga chizigwa mwa muyezo, koma mukakhuthula ndowa yonse kamodzi, makina amatsamwa.

Wolemba pulogalamuyo sanaike XON/XOFF, ngakhalenso RTS/CTS, njira zouzira wotumiza kuti ayambe waima kaye. Sindimunena. M'masiku ake waya unkamugwirira ntchito yochedwetsayo kwaulere.

Ena anganene kuti tsegula hw/char/serial.c, fayilo ya QEMU yoyendetsa serial, ikamo timer yochedwetsa zilembo, umangenso QEMU yako. N'zotheka, koma ine ayi. QEMU yatsopano ikatuluka ndiye kuti ntchito yoyambiranso, pa laputopu ya munthu amene nkhawa yake ili pa mtengo wa thumba. Ndinasankha kuchepetsa liwirolo kunja, zilembo zisanalowe. QEMU ndimaiyatsa ndi -serial tcp::4555,server=on,wait=off, kenako pv amachepetsa liwiro, socat n'kutumiza zilembozo ku socket:

pv -qL 960 sikelo.txt | socat - tcp:localhost:4555

Zinthu zinasintha ndithu, koma osati kwathunthu. pv amasunga 960 pa sekondi mukawerengera zonse pamodzi, koma amatumiza m'timagulu, ndipo kagulu kamodzi kanali kokwanira kusefukiritsa kamalo kaja. Chimene chinathetsa nkhani ndi timizere tochepa ta Python: tumiza chilembo chimodzi, puma ma millisecond 2, tumiza china. Waya weniweni umatenga ma millisecond 1.04 pa chilembo, koma sikelo siili pa mpikisano. Musaiwale kutchera TCP_NODELAY pa socket, apo ayi TCP idzasonkhanitsanso zilembo zanuzo n'kuzitumiza pamodzi.

Kumalo a malonda kuja vutoli silinaonekepo n'komwe. Kumeneko sikelo imalowa pa adaputala ya USB, QEMU imapatsidwa -serial /dev/ttyUSB0, ndipo imauza Linux kuti adaputalayo iyende pa 9600 pomwe pulogalamu yatchera. Waya ndi weniweni, kuchedwa kwakenso n'kwenikweni. Nditayesa kuwafotokozera amalume za FIFO, anangondidula: “Mphwanga, ine bola thumba likalemera 52, pa kompyuta pazioneka 52.”

Chimene chinkawavutitsa iwo n'china. Anyamata onyamula matumba akagunda waya n'kuubwezeretsa QEMU ili chiyakire, adaputala inkabwera ndi dzina la ttyUSB1, pulogalamu n'kungokhala duu. Tsopano QEMU ndinailozera ku dzina la mu /dev/serial/by-id, limene silisintha, ndipo akangoiyatsanso imaipeza sikelo. Wayawo ndinaukhomerera kukhoma, pamwamba pa matumba.